Injini Ili ku Benoni, Galimoto Ili ku Malindi

Benoni, 10 Malichi 2024

Kwa inu make Zakia,

Asalamu aleikumu. Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa mwana wathu Zakia ndi wa onse pakhomopo. Mwendo uja wayamba kulola? Ine kuno ndili bwino, Alihamudulila, kungoti maso akumachita nkhungu, koma ndi fumbi la kuno.

Kalatayi ndapatsa a Bonface, thiransipota uja wa ku Chiponde, pamodzi ndi shuga, mafuta ophikira ndi zipatso za tende za Ramadhani. Mufunsanso chifukwa chake sindikulankhula pa foni ngati anthu ena. Mukuchidziwa. Uthenga wa mawu umene ndinatumiza pa foni ya Zakia munaumvera pakhonde, achimwene anu a Dinala ali pomwepo, ndipo ndinamva kuti anaseka mpaka kutsokomola. Pepala ndiye mumawerenga nokha.

M'katoni muli kabokosi kokulunga ndi nsanza. Si ka kukhitchini. Ndi nyali ziwiri zakutsogolo za Chevuleti. Muike pansi pa bedi pomwe pali zinzake.

Tsopano nkhani ija. Mukuti nyanja yakwera, yalowa mpaka m'munda wakumunsi, ndiye a Dinala akuti malo ouma amene atsala oti Sadik amangepo nyumba akakwatira Zakia ndi pansi pa mango, pomwe pali galimoto yanga. Mudzi wonse uja? Ndikudziwa kuti kwanu mwamuna amamanga kwa mkazi. Inenso ndinamanga. Ndikudziwanso kuti mwini mbumba ndi a Dinala, ine ndine mkamwini. Akhala akundikumbutsa zaka 36.

Koma galimoto ija siisuntha. Ndi pikapu ya Chevuleti ya 1956. Ndinaigula ku esiteti ya ku Namwera mu 1999 ndi thukuta langa, osati la mbumba. Tsiku lomwe thirakitala inaikokera pakhomo, achimwene anu anaima pamaso pa anthu n'kunena kuti, “Alamu abwera ndi khola la nkhuku.” Pambuyo pake anaipatsa dzina lakuti Abiti Dzimbiri, mpaka ana kumaimba. Inu, Asiatu, munaseka nawo pang'ono. Ndinakuonani.

Inde, sinayendepo m'manja mwanga, injini yake inali yong'aluka. N'chifukwa chake ndinabwera kuno. Idzayenda.

Mvula ikadalipo, choncho pepala lakuda lapulasitiki lija mulione. Ngati lang'ambika mugule lina ku boma. Mukute monga ndinakuphunzitsirani, mpaka pansi, m'mbali mukwirire ndi dothi kuti mphepo isalowe ngakhale pang'ono.

Ndine mwamuna wanu,
Ibrahimu


Benoni, 14 Epulo 2024

Make Zakia,

Moni nonse. Ndikhulupirira kuti Idi munadya bwino. Ine ndinaswali ndi anzathu a ku Mangochi amene ali kuno, kenako ndinabwerera kugalaja. Thupi lili bwino.

Mwalemba kuti mwatopa kusamalira mkazi mnzanu amene saphika, sasinja, amangodya mapepala apulasitiki. Ndaseka pang'ono. Koma mzere wotsatira sunandiseketse. A Dinala abweretsa munthu wogula zitsulo zakutha, ndi sikelo yake, kudzazungulira galimoto yanga? Aigule pa kilo ngati usipa? Mwachita bwino kukana kuti avundukule. Akabweranso mumuuze kuti mwini wake sanafe.

Inu simudziwa chomwe chili pansi pa mango pajapo, ndiye ndikuuzeni. Bwana wanga a Kobasi ndi nkhalamba ngati ine ndemwe. Ndinalowa kwawo ngati wa m'maluwa, koma zaka 15 tsopano ndimakhala m'galaja. Iwo ndi anzawo amatola galimoto zakale zimene anthu anataya, amaziika injini zikuluzikulu, amazitsitsa pansi, n'kuzipenta zowala ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Amazitcha hoti rodi. Loweruka lililonse amasonkhana pakhomo pano, azibambo a imvi okhaokha, kuwotcha nyama ndi kukangana za mabawuti. Wina wakhala ndi yake zaka 30 ndipo sinathebe. Mkazi wake anachoka, galimoto ilipo. Palibe amene amamuseka.

Nditawaonetsa chithunzi cha yathu chija, chimene tinajambula tsiku lomwe inafika, a Kobasi anavula magalasi. Anati, “Abram, iyi ili kwanu? Pansi pa mtengo?” Ndinati eya bwana. Anati, “Ukudziwa kuti anthu awa akhoza kumenyana chifukwa cha iyi?”

Ndiye anandipatsa injini yakufa ya masilinda eyiti imene inali pakona. Papita zaka 6. Ndaiphwasula yonse, ndatsuka chilichonse ndi palafini, ndagula mapisitoni limodzi limodzi. Yatsala kabuleta basi. Ndapeza yogwiritsidwa kale ntchito pa 1,800 randi, choncho mwezi uno ndatumiza zochepa. Za zovala zaukwati tidzakamba.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wa nsapato zazitali kudzajambula nyumba ya bwana, zipinda zonse, ndi kachipinda kanga komwe. Sindinafunse.

Sadik adikire. Ine ndinadikira.

Ibrahimu


Benoni, 19 Meyi 2024

Make Zakia,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji kumeneko? Kuno kwayamba kuzizira, zala zikumauma m'mawa, sipanala ikumagwa yokha. Kupatula apo ndili bwino.

Mpunga wa kudimba musagulitse wonse. Mbuzi yaikazi ija musapereke kwa aliyense, ngakhale atabwera ndi nkhani ya ukwati.

Mwa anzawo a bwana muli mmwenye wina, a Nayidu, wowotcherera zitsulo. Ndi munthu wapakamwa, koma manja ake ndimawalemekeza. Dzulo anati ndiwaonetse momwe galimoto ikuonekera lero, osati mu 1999. Ndinawaonetsa chithunzi chimene Zakia anatumiza pa foni ya a Bonface. Munakuta bwino, ndikuthokoza. Palibe ngakhale pobowoka.

A Nayidu anayang'ana nthawi yaitali. Anati, “Madala, chakudachi n'chiyani?”

Ndinati ndi pepala loteteza mvula.

“Mpaka pansi?”

Ndinati mpaka pansi, tinakwirira ndi dothi.

“Pansi pake pali simenti?”

Ndinati ayi, dothi, koma ndinaikhazika pa njerwa.

“Kuyambira liti?”

Ndinati kuyambira 2005, pamene ndinkabwera kuno.

Anabweza foni, anapita kukatembenuza nyama. Kenako anabweranso n'kuyamba kundiuza zoti dothi limatuluka thukuta, pulasitiki imaligwira, dzuwa likawomba mkatimo mumakhala ngati mumphika wovundikira. Anati galimoto imafuna denga pamwamba ndi mphepo pansi. Ndinawauza kuti kwathu si kuno, nyengo ndi yosiyana. Iwo sanafikeko ku Malindi. Amadziwa chiyani za dothi lathu? Pamene ndinabwera mu 2016 ndinavundukula kutsogolo, mphuno yake inali bwinobwino, bampala ikuwala. Munaliko inu.

Anthu a kuno amakonda kuopseza.

Komabe ndikupempheni kanthu kamodzi. M'mawa wina, dzuwa litangotuluka, anthu asanayambe kudutsa, mufukule dothi pang'ono kumbuyo kwa chitseko cha dalaivala, mulowetse dzanja pansi pa pepala. Mundiuze ngati muli mouma. Musauze Zakia. Makamaka musauze achimwene anu.

Mwati Sadik wayamba kuumba njerwa. Aziumba. Njerwa siziwola.

Ibrahimu


Benoni, 23 Juni 2024

Make Zakia,

Moni. Ine ndilipo. Mwendo wanu mupite nawo kuchipatala, musamangomanga nsanza.

Yankho lanu ndalandira. Mwati dzanja linatuluka lonyowa mpaka m'chigongono, ndipo munali fungo ngati la bwato lakale. Chabwino. Ndi mame a mwezi wa Juni. Musiye momwemo, ndidzaona ndekha.

Ndikuuzeni nkhani yabwino. Loweruka lapitali injini yalira. Tinaimanga pa chitsulo pakati pa galaja, petulo m'botolo, batire ya bwana. Kawiri inangotsokomola. A Nayidu anati, “Madala, yatengera mwini wake.” Kachitatu inagwira. Make Zakia, malata anjenjemera. Galu wa bwana anathawira m'nyumba. Azibambo aja anaimirira onse ndi mbale zawo m'manja, ndipo a Kobasi anandigwira paphewa n'kukuwa m'khutu langa kuti, “Yako iyi, Abram! Yako!” Phokoso lake silili ngati la minibasi. Limachokera pansi, umalimva m'chifuwa. Ndinaganiza za msewu wokwera ku Chowe, inu mutakhala pambali panga, achimwene anu ataima m'mbali mwa msewu fumbi likuwapeza.

Ndiye mundimvetse. Mwalemba kuti uvuni wa njerwa wapsa, ashehe apatsidwa tsiku la ukwati mu Okutobala, ndipo a Dinala akuti maziko ayenera kukumbidwa mwezi wamawa kuti denga likwere mvula isanabwere. Mwalembanso kuti Zakia analira. Zakia ndi mwana wanga, sindikumukaniza nyumba. Ndikukana kuti galimoto ija ikhudzidwe ine kulibe. Ilibe matayala, yakhala pa njerwa zaka 19, pali njira yake yoinyamulira. Anthu a ukonde sangaidziwe. Adikire Disembala. Mwezi umodzi kapena iwiri akhoza kugona m'nyumba yathu, ife tinagona m'khitchini ya amayi anu chaka chathunthu ndipo palibe anatimvera chisoni.

Muwauze a Dinala mawu awa monga ndalembera: amene akhudze galimoto ija wakhudza ine.

Pageti la bwana apachikapo chikwangwani. Anthu akumabwera kudzaona nyumba. Kumsewu wathu kukumadutsanso anyamata ofunsa mapepala, choncho sindikutulukatuluka. Musadandaule nazo.

Ibrahimu


Benoni, 4 Ogasiti 2024

Asiatu,

Ndikhulupirira muli moyo, popeza mphamvu zochitira zimenezi munali nazo. Ine musandifunse.

A Bonface afika Lachinayi. Poyamba amazungulirazungulira, za mitengo ya pa boda, za msewu wa ku Tete. Kenako anati, “Bambo, kuli bwino muone nokha,” n'kundipatsa foni. Wina anajambula zonse. Mudzi wonse waonera, Chiponde yaonera, ine mwini wake ndine womaliza.

Ndaona achimwene anu atasonkhanitsa alovi, asodzi aja a pa dooko, anthu oposa makumi atatu. Ndaona atayala mitengo pansi ngati akukweza boti kumtunda. Chevuleti ya 1956, boti! Ndaona chingwe cha khoka. Ndamva nyimbo yawo yokokera, ndi azimayi akuwomba m'manja. Ndaona pepala likuchotsedwa, mphuno ikutuluka, yokongola ngati kale. Inayenda mikono itatu. Kenako ndamva phokoso lija, nyimbo n'kuduka. Kutsogolo kwapita ndi chingwe, kumbuyo kwatsala pansi pa mango.

Mwaithyola pakati. Zitsulo ziwiri zazitali zapansi zija, zimene timati chasisi, ndiwo msana wa galimoto. Chitseko ukhoza kugula, galasi ukhoza kugula. Msana mwathyola.

Ndinalemba kapena sindinalembe? Ndinati pali njira yake. Anamanga chingwe pati? Ndani anawauza kuti akoke mothamanga chotero? Galimoto imene inapirira misewu ya ku Namwera zaka makumi anayi siingathyoke yokha. Aithyola ndi manja, ndipo a Dinala akhala akufuna zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Tsopano agone tulo. Mkamwini waona malire ake.

Ndipo inu munali pomwepo. Ndakuonani pakona pa chithunzi, mutagwira pakamwa. Zaka zonsezi ndimati pakhomo paja ndili ndi munthu mmodzi.

Zaka 19 ndagona m'kachipinda kopanda windo. Maliro a mayi anga ndinamvera pa foni. Mukuganiza kuti ndinkafuna chiyani kuno?

Za ukwati musandiwerengere. Mwini mbumba alipo, ayendetse. Zidutswazo wina asagulitse, ngakhale bawuti imodzi.

Ibrahimu


Benoni, 1 Seputembala 2024

Make Zakia,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

A Bonface abwera opanda kalata yanu. Ndinawafunsa kawiri, mwina yagwera m'katundu wa anthu ena. Anati, “Mayi anangondipatsa ichi, anati mukawapatse m'manja.” Kamtolo ka m'chitenje chanu chakale chobiriwira.

Ndamasula. Ndaona.

A Bonface akuti munatola nokha pamalo pomwe inathyokera, ndipo simunafune nyundo, munangobenthula ndi zala. Akutinso maziko akumbidwa, khoma lafika m'chiuno.

Nyumba ya bwana yagulidwa. Akupita kwa mwana wawo kutsidya kwa nyanja kumapeto kwa Okutobala. Galimoto zawo zitatu zapita kale, dzulo ndinathandiza kukweza yomaliza pa lole. Bwana anaisisita pa boneti ngati ng'ombe, kenako analowa m'nyumba osadya. Ogula nyumba ali ndi wantchito wawo.

Sindikukhazikika. Ndikumalowa m'galaja, kutuluka, kulowanso. Mwatsala injini yanga yokha pakati.

Mundilembere, ngakhale mizere iwiri.

Ibrahimu


Benoni, 29 Seputembala 2024

Kwa inu make Zakia,

Asalamu aleikumu. Ndikufunsa moyo wanu, wa Zakia, wa Sadik, ndi wa achimwene anu a Dinala. Ine za maso ndinakunamizani. Si fumbi. Akuchipatala akuti ndi ng'ala, diso lamanzere latsala pang'ono kutseka. Laisensi sangandipatsenso. Ndanena.

Mizere yanu iwiri ndalandira. Mwati, “Ndinakuta monga munanenera, chaka chilichonse. Ndinalakwa pati?”

Simunalakwe. Chidutswa chimene munatumiza ndinakhala nacho masabata awiri m'thumba la ovolosi. Chitsulo chimene chinayenera kukhala chochindikala ngati chala changa chikufumbutuka ngati chikhungwa cha mtengo wakufa. Pomaliza ndinawaonetsa a Nayidu. Anachifinya, chinathera m'manja mwawo. Ndimayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anangoti, “Madala, iyi inathyoka kalekale. Anthu aja anangoidzutsa.”

Ndinadziwa kuyambira mu Juni, make Zakia. Dzanja lanu litatuluka lonyowa ndinadziwa. Ndinati musiye momwemo chifukwa ndinkaopa kuti mukavundukula a Dinala aona. Galimoto ija ndinaipha ndine, ndi pepala langa, ndipo ndinakutumani inu kuti muzigula ndi ndalama za mpunga wanu.

Ndinawapempha a Bonface kuti ndionerenso kanema uja. Nthawi yoyamba ndinkangoyang'ana galimoto. Ulendo uno ndayang'ana anthu. Chingwe anamanga pa ekiselo yakutsogolo, chitsulo chogwira matayala chija, pomwe inenso ndikanamanga. M'mbali anaika matayala akale kuti isakhulike pa mtengo. Ndipo a Bonface akuti mitengo ija anaiyala kulowera kuseri kwa nyumba ya a Dinala, komwe anasalaza malo n'kuimika nsanamira zinayi. Itathyoka achimwene anu sanaseke. Anavula chisoti n'kukhala pansi. Bwanji simunandiuze zimenezi? Kapena munadziwa kuti sindikanamva.

Dzina lija la Abiti Dzimbiri sindinawakhululukire. Anayamba kulitchula dzimbiri lisanabwere.

Loweruka azibambo aja anabwera komaliza. Mmodzi anafuna kugula injini, anatchula mtengo wabwino. Anati, “Uyiika mu chiyani, Abram? Galimoto ulibe, maso ulibe.” Ndinati sindigulitsa. Anaseka, koma osati monga amasekera kwanu. Iyeyo ndi uja wa zaka 30.

A Nayidu akuti kutsogolo ndi chipinda cha dalaivala zikuoneka zamoyo. Akuti zitsulo ziwiri zapansi akhoza kundidulira zatsopano, zidutswazidutswa zoti zikwane mu ngolo ya a Bonface, tikalumikize ku boma kwa owotcherera. Akuti ndi ntchito ya zaka zitatu kwa munthu wa maso awiri. Kwa ine sanatchule. Koma galaja tikupereka makiyi pa 31 Okutobala, ndipo popanda muyeso sangadule kanthu.

Tsono pali zinthu zitatu.

Choyamba, Zakia mumuuze kuti pa tsiku la ukwati sindifika, chifukwa ndikatuluka m'dziko muno ndi mapepala angawa sindingalowenso, ndipo injini singatsale. Ndifika mu Novembala, ulendo wanga womaliza. Nsalu yake ndi nsapato zili m'katoni. Nyumba amange, afolere. Ndidzalowamo ndi salamu ngati mlendo aliyense.

Chachiwiri n'chovuta. Mupite kwa a Dinala, osati kukumana nawo panjira, mupite pakhomo pawo mukhale pamkeka. Muwauze kuti mlamu wawo Ibrahimu akupempha malo aja a nsanamira zinayi. Mugwiritse mawu amenewo, akupempha. Malata asanu ndi limodzi ndibwera nawo. M'mbali musatseke. Akafuna kunena mawu anene, inu mungomvera, mudzandiuze ndikafika. Zidutswa ziwirizo azikokere kumeneko ndi alovi awo omwe aja, njira yawo inali yabwino.

Chachitatu chifulumire. Tepi yoyezera simuidziwa, ndipo manambala a Sadik sindiwakhulupirira. Mutenge chingwe cha ukonde chosatamuka. Muyambire pa bampala yakutsogolo, mutsate chitsulo chapansi cha mbali ya dalaivala. Pa ekiselo mumange mfundo. Pomwe chipinda chathera, mfundo. Pomwe inathyokera, mfundo ziwiri. Mukatero mupite ku chidutswa chakumbuyo, muyambire pothyokapo mpaka kumapeto, mudule. Chingwe china muyeze kuchokera chitsulo chakumanja kufika chakumanzere. A Dinala agwire mbali imodzi, amadziwa kukoka chingwe kuti chiwongoke.

A Bonface anyamuka ku Chiponde pa 9 Okutobala. Zingwezo musaike m'katoni ya nsomba. Aike m'thumba la malaya, andipatse m'manja.

Ndine mwamuna wanu,
Ibrahimu